Dzanja Lolemera

Amayi anga sanapondeko pakhomo la sukulu, koma m'mudzi mwathu, kuseri kwa Ntaja, munalibe wolemba kuposa iwo. Ankalemba ndi dothi. Chaka chilichonse chimanga chikalowa m'nkhokwe, ankatitenga ine ndi achemwali, mwana wa amayi aang'ono amene tinakulira mbale imodzi, kukakumba dothi la mitundu itatu. Lakuda linali kudambo, katondo anali pamtunda kuseri kwa tchalitchi, ndipo loyera linkapezeka m'mbali mwa kamtsinje kena, ulendo wa m'mawa wonse. Loyeralo ankalisamala ngati shuga, ndipo ukalitaya pang'ono panjira unkamva mbiri ya makolo ako onse.

Ankayamba ndi kuzira m'nyumba, kenako khonde, akusalaza ndi nkhulungo, kamwala kosalala kamene anasiyiridwa ndi amayi awo. Pomaliza ankafika pakhoma la kumaso. Ankaviika chala m'dothi losungunula n'kuyambira pakona ya kumanzere, osayeza, osabwerera m'mbuyo kukayang'ana. Kamzere kokhota, kena pambali pake, kena pambali pake, mpaka khoma lonse litavala mamba a nsomba. Pansi pake ankaikapo mawanga a nkhanga, m'mbali mwa chitseko maso a lichero, ndipo pansi penipeni mapazi a nkhuku. Anthu opita kumsika ankatsika panjinga kuti aone.

Chodabwitsa chinali chakuti polemba sankayankhula. Amayi anali olongolola koopsa, moti nkhuku, mbuzi, ana ndi bambo tonse tinkalandira gawo lathu kusanatenthe. Koma chala chikangolowa m'dothi, pakamwa pankatsekeka, nkhope n'kumasuka, mpweya n'kumatuluka pang'onopang'ono ngati wa mwana wogona. Bambo ankati bwenzi nyumbayo ikuziridwa sabata iliyonse kuti makutu awo apumeko.

Ine ndinali mzime, ndipo luso limeneli linandidutsa patali. Ndikayesa kulemba, mzere wanga unkatuluka wonenepa, dothi likuyenderera mpaka pansi. Amayi ankandimenya kuseri kwa dzanja ndi zala ziwiri.

"Iwe mzime, ukulemba kapena ukulima? Dzanja lakolo ndi la bambo ako. Lolemera ngati khasu."

Chaka china ndinapsa mtima, ndinaponya chigoba cha dothi loyera pakhoma n'kuthawira kudimba. Kuyambira tsiku limenelo sindinayesenso. Luso la amayi sindinatengere, koma mkwiyo wawo ndinautenga wonse, wosatsalako.

Ndinakula, ndinakwatiwa, ukwati unatha, ndinabwerera kumudzi. Bambo anali atamwalira. Ndinapeza benchi kumsika wa Ntaja n'kuyamba kugulitsa tomato ndi anyezi, ntchito imene ndikugwira mpaka lero. Nyumba yakale ija inagwa chaka china cha mvula yosalekeza, ndipo achimwene anga, amene amagwira ntchito ya boma ku Balaka, anatimangira ina ya njerwa zowotcha, malata pamwamba, simenti pansi. Tonse tinasangalala. Miyezi yokolola itakwana, amayi anatuta dothi lakuda n'kuyamba kuzira pamwamba pa simentiyo. Achimwene atamva anaseka mpaka kutsokomola, kenako anawauza mwaulemu kuti nyumba yotere sazira. Amayi sanatsutse. Nkhulungo ija inasanduka mwala wotsekereza chitseko kuti mphepo isachimenyetse.

Matenda a amayi anayamba ndi kalongonda. Aliyense wa kwathu amadziwa kuti kalongonda saphika mothamanga: umamuwiritsa, kutaya madzi, kumuwiritsanso, tsiku lonse, apo ayi adya anthu n'kuyamba kubwebweta. Amayi anali atamuphika moyo wawo wonse. Tsiku lina ndinafika kuchokera kumsika n'kupeza atamupakula atangowira kamodzi, akundiitana kuti ndidye asanazizire. Ndinataya mphika wonse kudzala, ndikuwakalipira ngati mwana. Iwo anangondiyang'ana, osadziwa chimene alakwa.

Kenako anayamba kuika mchere m'tiyi, kusunga nsapato m'ndowa ya ufa, kufunsa ngati bambo abwerako kudimba. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda oiwala amene amagwira okalamba ena, ndipo palibe mankhwala owabweza. Anati tizingowasamala ndi kuwalezera mtima. Ndinaseka mumtima. Kuleza mtima ndi ine tinali tisanakumanepo.

M'mawa wina ndinawapatsa phala, iwo analandira ndi manja awiri, n'kundiweramira pang'ono.

"Zikomo amayi. Kodi inu kwanu n'kuti?"

Ndinaganiza kuti akuseka. Sankaseka. Kuyambira pamenepo ndinakhala mlendo m'nyumba ya amayi anga. Ankandipatsa moni wa alendo, kundipepesa kuti nyumba ili yosasesa, kundifunsa ngati ana ndawasiya bwino. Mkazi amene ananditukwana zaka zonse za moyo wanga tsopano ankandilemekeza, ndipo ulemu umenewo unkandipweteka kuposa chitonzo chilichonse chimene anandinenapo.

Dzuwa likapendeka zinkafika poipa. Ankamanga kamtolo ka zovala n'kunena kuti akupita kwawo, kutsidya kwa malire, kumene makolo awo anachokera iwo ali kumsana. Ankayankhula Chilomwe chokhachokha, chimene ine ndimangomvapo mayina a zakudya ndi mawu otukwana. Ndinkawabweza kuchokera kumsewu kawiri katatu pa tsiku. Ndinene zoona: masiku ena popita kumsika ndinkamanga chitseko ndi waya. Tsiku lina ndinawakhazika pansi mwamphamvu mpaka analira, ndipo ine ndinapita kuseri kwa bafa kukalira zanga. Ndinkadana nawo, ndinkadana ndi achimwene amene ankangoimba foni, ndipo koposa onse ndinkadzida ndekha.

Ndiye panadza m'mawa wa mwezi wa Julayi, kukuzizira. Ndinasesa pabwalo, n'kulowa m'nyumba kukatenga machesi. Potuluka ndinawapeza atakhala pansi pamchenga wosesedwawo, miyendo atatambasula, m'manja muli kamtengo ka chinangwa. Kamzere kokhota, kena pambali pake, kena pambali pake. Mamba a nsomba. Anali atayambira kumanzere, ngati kale.

Ndinaima ndi machesi m'manja mpaka moto ndinauiwala. Munthu amene sankadziwa kuti nsapato imapita kuphazi, sanalakwitse mzere ngakhale umodzi. Nkhope ija yamantha inali itachoka. Ankapuma pang'onopang'ono, mutu utapendekera kumbali. Pamene dzuwa linkafika pamwamba pa mtengo wa mango, kuchokera pakhonde mpaka pankhokwe panali patadzaza, ndipo madzulo a tsiku limenelo sanamange kamtolo.

Mawa lake ndinasesanso n'kuika kamtengo kaja poonekera. Anakatola. Tsiku lachitatu, sindikudziwa chimene chinandigwira, ndinathyola kanga n'kukhala pambali pawo. Ndinalemba kamzere kamodzi. Kanalowa pansi ngati ndikufuna kubzala mbatata. Ndinalemba kachiwiri, kanaphwanya ka amayi.

Zala ziwiri zinatera kuseri kwa dzanja langa, phaa!

"Iwe mzime! Mpaka lero? Ukulemba kapena ukulima?"

Ndinawayang'ana. Maso awo anali pa ine, pa ine ndithu, okwiya, ondidziwa.

"Amayi, mwandizindikira?"

"Ndilephere kukuzindikira ndi dzanja limeneli? Fafaniza. Gwira kumapeto kwa kamtengo, osati pakhosi pake ngati ukupha nkhuku. Ndipo ukulira chiyani, wamwalira ndani?"

Ndinafafaniza, misozi ikugwera pamchenga. Ananditukwana mpaka dzuwa litakwera, ndipo ine sindinamvepo nyimbo yokoma chotero. Titadzuka kupita kukadya, anandifunsanso kuti kwathu n'kuti.

Basi, unakhala moyo wathu. M'mawa uliwonse ndinkasesa, tinkakhala pansi, ndipo kwa kanthawi kochepa, mwina ola limodzi, ndinkakhala ndi amayi. Ankandifunsa za ana anga ndi mayina awo. Ankandikumbutsa za chigoba cha dothi loyera chimene ndinaponya pakhoma, n'kunena kuti sanandikhululukire. Kumsika ndinkafika mochedwa, anzanga atagulitsa kale milu yoyamba, koma sindinkadandaula. Ola limenelo ndi lokhalo limene ndinali nalo, ndipo tsiku lonse ndinkakhalira kuliyembekeza.

Nanenso linayamba kundisintha. Polemba mamba sungaganize za mawa, chifukwa ukangoganiza, mzere umakhota molakwika. Umangoona kamzere kali patsogolo pako, ukamaliza uona kena. Mutu wanga, umene unkangokhala phokoso ngati depoti ya minibasi, unkayamba kukhala bata. Mkwiyo unkatsika pansi monga matope amatsikira m'ndowa ya madzi a pachitsime. Sunkachoka, koma pamwamba pankayera moti n'kumwa. Waya uja ndinasiya kumangira chitseko.

Bwalo lathu linali njira yachidule yopita kumsewu. Amuna a achemwali, amene ankapalasa kabaza pa Ntaja, ankadutsa pamenepo m'mawa uliwonse akukankha njinga, n'kumatiseka kuti agogo atsegula sukulu. Nthawi zina ankalambalala, nthawi zina ankangolumpha. Anali munthu wabwino, wanthabwala, ndipo kangapo anabweza amayi panjinga yawo atawapeza akusochera kumsewu.

Mwezi wa Seputembala alamu angawo anatuluka kachilonda pachala cha kuphazi. Sikanapole. Phazi linatupa, kenako mwendo. Kuchipatala anati ndi shuga. Koma kwathu kuno mwendo sutupa wokha. Anapita kwina kukafunsa, ndipo kumeneko anawauza zimene amauza aliyense wotupa mwendo, kuti analumpha zinthu. Sanachite kutchula munthu. Mudzi wonse unkadziwa bwalo limene linali ndi zolumpha.

Achemwali anabwera masana ena, osakhala pamkeka umene ndinawayalira.

"Tandiuza iwe, zimene akulemba amayi aakuluwa m'mawa uliwonse n'chiyani?"

"Mwayamba liti kusadziwa mamba a nsomba? Si inu tinkasenza nanu dothi?"

"Zija zinali pakhoma, masana, kamodzi pachaka. Izi n'zapansi, podutsa anthu, tsiku ndi tsiku. Ndiye akamalemba amayankhula chiyani m'Chilomwe muja?"

"Amatukwana ine."

"Iyayi, ine sindikunena kuti ndi afiti. Ndikungofunsa. Munthu woiwala dzina la mwana wake angakumbukire bwanji zimenezi osaphonya? Alamu ako sakugona ndi ululu. Ingowaletsani, basi. Muzisesa n'kuwalowetsa m'nyumba."

Lero ndikakhala pansi ndimaona kuti achemwali anabwera ndi mantha, osati ndi nkhondo. Ndikanatha kuvomera n'kusamutsira kulemba kwathu kuseri kwa nyumba, kumene sikudutsa munthu. Zikanathera pomwepo, mwina. Koma anali atandipempha chinthu chimodzi chokha chimene ndinali nacho, ndipo magazi a amayi anawira mwa ine. Ndinawauza kuti amuna awo achepetse shuga m'tiyi asiye kunamizira nkhalamba. Ndinawauzanso zina zokhudza amayi awo zimene sindingalembe pano. Anachoka osatsanzika.

Ndikanalekera pomwepo. Loweruka m'mawa ndinagwira amayi padzanja n'kupita nawo panjira ya kumjigo, pamene mudzi wonse umadutsa ndi ndowa. Ndinasesa pakati panjira, ndinawakhazika pansi, ndinawapatsa kamtengo. Iwo sankadziwa kanthu. Anaona mchenga wosalala n'kuyamba kulemba, mosangalala, kuchokera mbali ino ya njira mpaka mbali inayo. Atamaliza ndinaimirira, ndinakweza chitenje mpaka m'mawondo, ndinalumpha, ndinabwerera, ndinapondaponda, ndikukuwa.

"Onani miyendo yangayi! Yatupa? Bwerani mudzaone! Ndi mchenga uwu, anthu inu!"

Ndinkaganiza kuti ndikuwatsegula maso. Azimayi anaima patali ndi ndowa zawo, kenako mmodzimmodzi anatembenuka kukazungulira kumunda wa nandolo. Palibe anadutsa. Mayi wina wachikulire wa Chisilamu, amene ankagwirizana ndi amayi kuyambira utsikana wawo, anandiyandikira n'kunena motsitsa mawu.

"Mwanawe, zoona ukunena. Koma amayi akowa wawaika pambalambanda. Dzulo anali a pabwalo pawo, lero atseka njira ya madzi."

Ndinamuyankha mwamwano nayenso. Pasanathe milungu itatu, alamu anawadula mwendo m'munsi mwa bondo.

Lamulungu lotsatira ndinapita ku Misa yoyamba, amayi ndinawasiya akuwothera dzuwa pakhonde. M'tchalitchi benchi limene ndinakhala linali langa ndekha. Pobwerera ndinaona patali kuti bwalo lasintha mtundu. Anali atalitipula lonse ndi makasu, kuchokera pakhonde mpaka pankhokwe, ngati akufuna kubzalapo fodya. Magalasi a mawindo anali pansi, miyala ili mbwee pakhonde ndi padenga. Amayi ndinawapeza m'chipinda, kuseri kwa matumba a chimanga, atadzipinda, chitenje chitanyowa, pamphumi pakutuluka magazi. Atandiona anaphimba mutu ndi manja.

"Pepani amayi, musandimenye. Ndikupita kwathu, ndikupita."

Dzuwa linali pamutu, anthu ali m'makomo mwawo, koma palibe amene anaona kanthu. Achimwene anafika madzulo ake ndi galimoto yobwereka. Ankafuna kukanena kupolisi. Ndinawafunsa kuti tikamangitsa mudzi wonse, manda athu adzakumba ndani. Iwo anandifunsa kuti nanga amene anapita ndi amayi kumjigo ndani. Tinalongedza zovala zawo m'kamtolo, komwe kaja ankamanga okha madzulo aliwonse, ndipo anakwera galimoto mosavuta, akuganiza kuti tsopano akupita kwawo.

Nyumba imene achimwene amachita lendi ku Balaka ili mumpanda, ndipo bwalo lake ndi la simenti kuchokera pageti mpaka kubafa. Akazi awo ndi munthu wachifundo, sindingawanenere choipa. Amawasambitsa amayi, amawadyetsa, anawaikira mpando pawindo. Geti limakhala lokiya, choncho sasochera. Palibe amene angawaponye mwala. Aliyense amati zinayenda bwino, ndipo ine ndimavomera, chifukwa ndikatsutsa andifunsa za kumjigo.

Ulendo wanga woyamba kukawaona, chala chawo chinkayendayenda pachitenje, pabondo, kamzere kokhota, kena pambali pake. Ndinawapatsa kope ndi bolopeni. Anaziyang'ana mwamantha n'kundibwezera, amvekere iwo za boma sazidziwa, tidikire abwere bambo. Ulendo wachiwiri chala chinali chitaima. Ankangoyang'ana khoma la mpanda, ndipo sitima ikalira ankadzidzimuka n'kugwira mpando.

Ine ndinatsala kumudzi chifukwa cha munda ndi benchi langa. Achemwali ndi ine timadutsana ngati sitinadyerepo mbale imodzi. Akuti chibale ndi fupa sichiola, koma lathuli ndikuliona likufumbwa. Alamu amakhala pansi pa mtengo ndi ndodo zawo, njinga anagulitsa, nthabwala zinatha. Ndimawamvera chisoni kwambiri, ndipo sindingathe kuwauza.

Bwalo ndinalisalaza ndekha, koma sindinalembeponso. Ndinkalemba kuseri kwa nyumba, mbandakucha, n'kufafaniza ndi tsache anthu asanayambe kuyenda. Kumsika ndinayamba kulemba ndi bolopeni pamakatoni ong'ambika amene timayala pansi pa tomato. Kasitomala akasowa, m'malo mokangana ndi mnzanga wa benchi loyandikana, ndimawerama n'kuyamba kumanzere. Mamba, mawanga, maso a lichero. M'kupita kwa miyezi ndinayamba kutulutsa zanga zimene amayi sanandiphunzitse: milu ya tomato itatuitatu, masipoko a njinga, mizere ya anyezi wodulidwa pakati. Ena amaima n'kufunsa ngati ndinaphunzira kusukulu. Mtsikana wina wosoka anapempha katoni imodzi kuti akaonere popeta nsalu.

Sindinganame kuti kulembaku kunandichiritsa. Sikubweza mwendo wa munthu, sikubweza mawu amene ndinanena. Kumangondipatsa kanthawi kopuma, monga umatula mtolo wa nkhuni panjira podziwa kuti uusenzanso. Ndikamaliza katoni, zonse zimakhala zili pompo zikundidikira. Koma popanda kanthawi kameneko sindikudziwa kuti bwenzi ndili kuti.

Chaka chitatha ndinaganiza nzeru imene ndinadabwa kuti sinandifikire kale. Ngati amayi sangapite kumchenga, mchenga upite kwa amayi. Ndinakokola wa pabwalo pathu, ndinausefa ndi sefa ya ufa, ndinadzaza kathumba, ndinathyola timitengo tiwiri ta chinangwa. Kondakitala wa minibasi ponyamula anafunsa ngati ku Balaka mchenga unatha. Ndinamuuza kuti asamale zake. Njira yonse, kudutsa pa Liwonde mpaka kukafika, mtima unkagunda ngati wa mtsikana wopita kukaonekera kwa apongozi. Ndinkamva kale zala ziwiri zija kuseri kwa dzanja langa.

Akazi a achimwene anandithandiza kuyala chiguduli pakhonde. Ndinakhuthula mchenga, ndinausalaza ndi chikhatho, tinawatsitsa amayi pampando n'kuwakhazika pansi. Anali atachepa thupi, opepuka ngati mtolo wa mapesi. Ndinawaika kamtengo m'manja. Anakagwira, anakatembenuza, anakaika pambali mosamala. Anatapa mchenga pang'ono n'kuyamba kusankhamo timiyala ngati mpunga.

"Amayi, tiyeni tilembe. Onani."

Ndinayambira kumanzere. Kamzere kokhota, kena pambali pake. Dzanja linkayenda lokha. Chaka chathunthu cha makatoni ndi mbandakucha chinali m'zala zanga, ndipo mamba anatuluka ofanana, opyapyala, ongokhudza mchenga pamwamba. Ndinaika mawanga a nkhanga pansi pake, mapazi a nkhuku m'mphepete. Nditakweza mutu ndinaona kuti asiya kusankha timiyala. Ankayang'ana, mutu utapendekera kumbali, nkhope itamasuka ngati kale.

"Koma ndiye mumalemba bwino, amayi," anatero. "Dzanja lopepuka. Anakuphunzitsani ndani?"

"Munandiphunzitsa ndinu."

Anaseka mwaulemu, monga umasekera mlendo akanena zosamveka.

"Ine ndili ndi mwana wamkazi, mzime wanga. Ameneyo ndiye ayi. Ndinayesetsa, koma dzanja lake ndi la bambo ake. Akalemba ngati akulima. Sabwera kudzandiona. Kaya ndinamulakwira chiyani. Mwina ndinkamukalipira kwambiri."

Apo m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Chizindikiro chokhacho chimene amayi ankandidziwira nacho ndinali nditachifafaniza ndekha, pang'onopang'ono, katoni ndi katoni. Ndinagwira kamtengo pakhosi ngati ndikupha nkhuku. Ndinakanikiza mpaka kanafika pachiguduli. Ndinalima mzere wonenepa pakati pa mamba onse, ndinaphwanya mawanga, ndinalimanso wina. Kenako ndinasiya dzanja langa pamenepo, pafupi ndi bondo lawo, kuseri kwake kuli m'mwamba, ndikudikira.

Analiyang'ana dzanjalo. Anayang'ana mchenga wowonongekawo. Kenako anandisisita paphewa mofatsa, mmene sanandigwirepo chibadwire changa.

"Palibe kanthu, amayi, musadandaule. Mwatopa ndi ulendo."

Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa linachoka pakhonde. Sanatolenso kamtengo. Nthawi yoti ndikakwere minibasi itakwana, ndinagwada kuwatsanzika, ndipo anandigwira dzanja ndi manja awo awiri.

"Mwati mukudzera cha ku Ntaja? Mukamuona mwana wangayo, mukamuuze abwere. Mukamuuze kuti za dothi loyera zija zinatha, sindinasunge kumtima."

"Ndikamuuza," ndinatero.

Ndikutuluka pageti, ndinamva akazi a achimwene akusesa pakhonde.